Nyimbo Imodzi Sachezera Gule

Mau amene Mlembi wa Chigwirizano analankhula kwa amayi pa tsiku la chikondwerero

 Ndiyamba ndi kuthokoza Mulungu amene wasunga Chigwirizano chathu kufikira lero. Ena amene tinali nawo pa chikondwerero chapita anatsogola, ife tatsala, ndipo sikuti tatsala chifukwa cha nzeru zathu ai. Ndithokozanso a komiti pondipatsa mpata uwu. Ntchito yanga ya masiku onse ndi kulemba maina ndi maminitsi, koma lero mwati ndiimirire, ndipo mwana akatumidwa ndi akulu sakana.

Mau athu tawerenga pa Genesis 29:31-35. Mutu umene ndifuna kuti tiuganizire pamodzi ndi uwu: nyimbo zimene timaimba, ndi munthu amene timamuimbira.

IFE AMAYI NDIFE ANTHU A NYIMBO

Palibe ntchito ya mayi imene ilibe nyimbo yake. Mwana akalira kumbuyo timamuimbira. Popalira timaimba, paukwati timaimba, pamaliro ndife timachezera m'siwa kuimba mpaka tambala atalira. Lero lomwe chiyambire m'mawa taimba nyimbo zosawerengeka, ndipo miyendo ina pano yayamba kale kudandaula. Koma kawirikawiri chimene chimatikoka ndi kukoma kwa maimbidwe ndi kulira kwa ng'oma. Mau ake timangowameza osatafuna.

Tsiku lina mudzakhale pansi ndi kutafuna mauwo pang'onopang'ono. Mudzapeza kuti nyimbo zambiri zimene akazi amaimba, zakale ndi zatsopano zomwe, zili ndi zinthu ziwiri m'kati mwake. Choyamba ndi kupukwa, ndiko kuti mtima ulikufuna munthu amene palibe. Chachiwiri ndi kudikira, ndiko kuti mtima ulikuyembekeza kuti munthu wina anene kuti iwe uli bwino, ndakondwera nawe. Zinthu ziwirizi zimayenda pamodzi ngati mapasa, koma ndi anthu awiri. Kupukwa kulibe tchimo. Kudikirako ndiye kwadwalitsa akazi ambiri, ena mwa iwo ovala yunifomu yoyera ngati ife tomwe.

NYIMBO ZA PAMTONDO

Amayi akuluakulu muli pano mukumbukira masiku amene zigayo zinali kutali. Ufa unkachokera m'manja. Unkayamba wakonola chimanga, kupeta ndi lichero kuchotsa gaga, kuviika mphale masiku angapo, kuvuula, kutibula, kusefa, ndi kuyanika ufawo pamphasa. Ntchito yowawa msana imeneyi sinkatheka uli chete. Akazi awiri kapena atatu ankazungulira mtondo umodzi, minsi ikulandizana, wina akutsogolera nyimbo, anzake akuvomera.

Pamtondo ndiye panali pabwalo pa akazi. Kubwalo la mfumu mkazi sankalankhula zambiri, ndipo pamaso pa apongozi ankagwada ndi kuyang'ana pansi. Koma chimene sakanatha kuchinena maso ndi maso ankachinena m'nyimbo, ndipo kunali kovuta kuimba munthu mlandu chifukwa cha nyimbo ya pamtondo. Mwamuna ali pakhonde akusema mpini ankamva zonse, ndipo ankadziwa kuti mwala umenewu waponyedwa kwa yani. Ngakhale wailesi ya MBC, imene inayamba mu 1964, inatcha pologalamu yake ina kuti Pamtondo, podziwa kuti pamenepo ndi pamene nkhani za m'mudzi zimatulukira.

Nanga ankaimba zotani? Sindiimba pano, pakuti inu muzidziwa kuposa ine. Wina ankadandaula kuti mwamuna wake wayamba kufika usiku, ndipo nsima imagona m'mbale. Wina wa pachitengwa ankalira kuti apongozi ake sayamika kanthu, akaphika ati ndiwo zachepa mchere, akasesa ati wasiya m'makona. Wina wa pamitala ankawerenga masiku amene bambo akhala ku nyumba inayo. Wina amene sanaone mwana ankafunsa tsiku limene anthu a m'mudzi adzamuyese munthu.

Tsono taonani mamangidwe a nyimbo zimenezi. Woimba amayamba ndi funso, kufuna kudziwa chimene analakwa. Kenaka amawerenga ntchito zake imodziimodzi: madzi anatunga, osamba anatenthetsa, m'munda analima, ana anabala. Potsiriza amasiya mlandu wonse m'manja mwa munthu yemwe uja wosamuyamika, kuti ndiye agamule. Zifanana ndi mlimi wa fodya. Wafesa, wawokera, wathyola, wasoka, wasankha masamba ndi kumanga mabelo, koma tsiku la msika amangoima chete, wogula ndiye atchula mtengo. Mkazi wa m'nyimbo zimenezi wadziika yekha pasikelo, ndipo sikeloyo ili m'manja mwa wina. Mwini sikelo akamwetulira, iye walemera. Akakwinya nkhope, iye wapepuka ngati mankhusu.

NYIMBO ZA AKAZI A MATCHONA

Nyimbo zopukwa zinachuluka kwambiri m'dziko muno chifukwa cha maulendo a amuna. M'nthawi ya atsamunda msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalamazo zinali kunja. Amuna ena ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Ena ankapita ku mafamu a ku Southern Rhodesia kudzera kwa Mthandizi, ena ku Salisbury, kumene lero timati Harare, ena ku Bulawayo, ena ku mgodi wa malasha ku Wankie, enanso ku migodi ya kopa ku Northern Rhodesia. Ulendowu sunathe ndi ufulu wa 1964, pakuti pofika 1973 amuna a ku Malawi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa anali oposa 100,000. Taganizani nyumba zimene zinatsala ndi mkazi yekha. Ena ankabwerako ndi njinga, makina osokera, mabulangete ndi sutikesi. Ena ankalemba kalata chaka choyamba chokha, kenaka zii. Amenewa ndiwo tinkawatcha matchona.

Mkazi wa mtchona anali pakati. Maliro sanalire, ukwati sunathe, koma pamphasa ali yekha. Nyimbo yake inkafunsa aliyense wobwera ku ulendo ngati anakumana naye uko. M'zaka za m'ma 1950 wailesi ya ku Lusaka inkamveka kuno, ndipo inali ndi pologalamu yotchedwa Zimene Mwatifunsa. Anthu ankalemba makalata kupempha nyimbo yoti wokondedwa wawo wakutali aimve. Anthu ankaunjikana pa wailesi imodzi, ija yooneka ngati sefuliya, aliyense akudikira kuti kapena dzina lake litchulidwa.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yonyamula amuna obwerera kwawo inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Akazi amene ankaimba nyimbo yodikira anaimba ya maliro. Boma linaimitsa ulendo wa ku migodi kufikira 1977, ndipo mu 1988 kulemba amuna a kuno kunatheratu.

Kupukwa kotere ndani angakunyoze? Mulungu ndiye analenga mtima wotha kusowa mnzake. M'Buku Lopatulika momwe muli Nyimbo ya Solomo, ndipo pa mutu 3 timapeza mkazi wodzuka usiku kukafunafuna wokondedwa wake m'misewu ya mzinda. Koma m'nyimbo za akazi a matchona munkalowanso mau ena owawa. Mkazi ankayamba kudziimba yekha mlandu. Ankaganiza kuti kapena nkhope yake ndiyo inathawitsa mwamuna, kapena akazi a m'tauni ndiwo anthu, iye ndi wa kumudzi wosadziwa kuvala. Pamenepo kupukwa kwasanduka kudzinyoza. Mwamuna anatchona chifukwa cha mowa, ngongole, mkazi wina, kapena manyazi obwera chimanjamanja. Koma wosenza mlandu m'nyimbo ndi uja anatsala akulima munda ndi kulera ana.

Musaganize kuti zimenezi zinatha ndi Wenela. Ana athu akupitabe ku Joni pa mabasi, ndipo kalata inasanduka foni. Kale mkazi ankadikira kalata miyezi itatu. Lero mtsikana amayang'ana pa WhatsApp mphindi iliyonse kuti aone ngati uthenga wake wawerengedwa, ndipo akaona kuti wawerengedwa koma yankho palibe, tsiku limenelo nsima siilowa. Nyimbo zimene zili m'mafoni ndi m'maminibasi zinasintha ng'oma, koma mukamvetsera mau ake mupeza mlimi wa fodya yemwe uja ataima chete pamsika. Woimba amalonjeza kuchita chilichonse chimene angauzidwe. Amati moyo wake uli m'manja mwa mnzakeyo, ndipo akasiyidwa kuli bwino kufa. Zina zimaimbidwa ndi anyamata, kutchula khungu ndi thupi la mkazi amene iwo amamuyesa wokongola. Mwana wathu wa Fomu 2 akamva amapita pagalasi, pochoka apo wapita kumsika kukagula mafuta oyeretsa khungu, amene ena mwa iwo ali ndi mankhwala oononga khungu ndi impso.

Mau onena za kufa tisamawaseke, amayi anzanga. Tamva m'madera mwathu za achinyamata amene anadzichotsera moyo chibwenzi chitatha. Akulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Womanga nyumba yake tsidya limenelo, mtsinje ukadzaza agona panja.

NYIMBO ZATHU IFE ALANGIZI

Tsopano ndibwere pakhomo pathu. Ife a Chigwirizano ndife alangizi. Ndife timalangiza atsikana akatha msinkhu, ndife timakhala ndi mkwatibwi ukwati usanachitike, ndife timatsogolera nyimbo pa zikwati ndi pa maphwando otsazika mkwatibwi amene afala masiku ano. Zambiri zimene timaimba ndi zabwino: ulemu kwa apongozi, ukhondo, kulandira alendo, kusaulula za m'nyumba pamsewu. Zimenezi zisatayike. Koma tiyeni tiwerenge bwino. Pa nyimbo khumi zoimbira mkwatibwi, ndi zingati zimene zimamuuza kuti iye ndi wa mtengo wapatali pamaso pa Mulungu? Nanga mkwati timamuimbira zingati zomuuza kuti aziyamika mkazi wake? Mtsikana amalowa m'banja atanyamula nyimbo imodzi yokha, yakuti mwamuna akakondwa iye wakhoza, mwamuna akakwiya iye walakwa.

Timati banja ndi kupirira. Inde, tipirira umphawi, tipirira matenda, tipirira chaka cha njala, tipirira kusiyana kwa makhalidwe. Koma pali amayi amene amabwera ku msonkhano atakokera duku kumaso kubisa chotupa, ndipo ukawafunsa ati ndinagwa kuchitsime. Mayi wotere anaphunzira nyimbo ija bwino lomwe, kotero kuti ngakhale chibakera amachiyesa chilango chomuyenera. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti mwana asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Malamulo alipo ndithu, koma lamulo sililowa mumtima mmene nyimbo imalowera. Mtimawo ndiye munda wathu ife alangizi.

NYIMBO YA LEYA

Tibwerere ku mau amene tawerenga. Leya anali mwana wamkulu wa Labani. Yakobo anakonda mng'ono wake Rakele, namugwirira ntchito zaka 7, koma usiku wa ukwati Labani analowetsa Leya. Kutacha Yakobo anakwiya. Taganizani, amayi, kudzuka m'mawa woyamba wa banja lako ndi kuona mwamuna wako akupita kwa atate ako kukadandaula kuti amunyenga. Kuyambira pamenepo Leya anakhala pamitala ndi mng'ono wake weniweni, akudziwa kuti wofunidwa sanali iye.

Maina a ana ake oyamba ali ngati nyimbo ya ndime zinayi. Ife tizidziwa bwino zimenezi, pakuti nafenso timaika madandaulo athu m'maina a ana. M'midzi mwathu muli a Mavuto, a Masautso, a Ndaziona ndi a Mwandida. Mwana woyamba Leya anamutcha Rubeni, poganiza kuti Mulungu waona kuvutika kwake ndipo tsopano Yakobo amukonda. Yakobo sanasinthe. Wachiwiri anamutcha Simeoni, chifukwa Mulungu anamva kuti iye sakondedwa. Wachitatu anamutcha Levi, poyembekeza kuti ana aamuna atatu amangirira mwamuna uja kwa iye. Ndime zitatu zonsezi ndi nyimbo ya pamtondo, kuwerenga zimene wachita ndi kuyang'ana nkhope ya mwini sikelo. Mulungu akumutchula ndithu, koma maso ake ali pa Yakobo. Mulungu wamuyesa nkhoswe yoti ikamunyengerere mwamuna. Kodi mapemphero athu ena sali otero?

Koma pa mwana wachinayi mwamuna satchulidwanso. Leya anamutcha mwanayo Yuda, dzina lonena za kutamanda, pakuti anatsimikiza mtima kuti ulendo uno atamanda Yehova. Pakhomo palibe chimene chinasintha. Rakele analipobe, ndipo mtima wa Yakobo unali komwe kuja. Amene anasintha ndi munthu woimbiridwa. Akulu anati nyimbo imodzi sachezera gule. Leya anaimba nyimbo imodzi zaka zingapo mpaka mau anasasa, kenaka anapeza ina.

Ndisakubisireni, pa mutu 30 timupezanso Leya akulimbana ndi Rakele chifukwa cha zipatso zina zimene anthu a kumeneko ankakhulupirira kuti zimakoka chikondi ndi kubereketsa, monga akazi ena lero amapita kwa sing'anga kukafuna mankhwala othira m'ndiwo. Pobadwa Zebuloni, mwana wake wamwamuna wachisanu ndi chimodzi, anabwereranso ku chiyembekezo chakale chija chakuti tsopano mwamuna amuwerengera. Izi zitiphunzitsa kuti nyimbo yakale siichoka tsiku limodzi. Ku msonkhano umaimba yatsopano, pofika pakhomo yakale ija yabwerera pakamwa. Ndi chifukwa chake timasonkhana kawirikawiri, kuti tizikumbutsana.

Tsono onani mmene Mulungu anamuyezera Leya. M'banja la Levi munatuluka Mose, Aroni, Miriamu ndi ansembe a Israele. M'banja la Yuda munatuluka mfumu Davide ndi Ambuye wathu Yesu. Yakobo ali pafupi kufa analamula kuti akamuike m'phanga la ku Makipela, mmene iye anaika Leya (Genesis 49:29-31). Mkazi amene anapepuka pasikelo ya mwamuna wake ndiye anakhala gogo wa Mpulumutsi.

NTHENDA YA SAULI

Abambo amene muli pano musati nkhaniyi ndi ya akazi okha. Pa 1 Samueli 18 timawerenga kuti Davide atapha Goliati, akazi a m'midzi ya Israele anatuluka kukachingamira mfumu Sauli ndi nyimbo ndi magule. M'nyimbo yawo anapatsa Davide chiwerengero chachikulu kuposa cha Sauli. Nyimbo ya akazi yokhayo inasokoneza mfumu ya dziko lonse. Kuyambira tsiku limenelo Sauli anayang'ana Davide ndi diso loipa, ndipo anataya nthawi yambiri akumusaka m'mapiri ndi m'mapanga. Anali ndi ufumu, asilikali ndi chuma, koma mtima wake unali m'kamwa mwa oimba.

Ena a ife tinavina m'masitediyamu zaka zija kufikira 1994, pamene amayi tinkatchedwa Mbumba ndipo nyimbo zinali zotamanda munthu mmodzi. Zinthu zitasintha kunabwera maina ena ndi nsalu zina, ndi nyimbo zina. Za ndale ndizisiya kwa eni ake. Ine ndingoti nyimbo yoimbira munthu ili ndi masiku owerengeka monga mwini wake.

Nthenda ya Sauli imalowanso m'tchalitchi. Kwaya ikatsika popanda nthungululu, ena amakwiya mlungu wathunthu. Mayi akapanda kutchulidwa pothokoza ophika, mwezi wotsatira saoneka. Ine monga mlembi ndimasunga buku la maina, ndipo ndidziwa kuti mipata ina m'bukumo siinayambe ndi matenda ai, inayamba ndi mau oyamika amene munthu anawadikira osawamva. Tikatero ndiye kuti ngakhale nyimbo za Mulungu tikuziimbira anthu.

KUMENE MTIMA WOPUKWA UYENERA KUPITA

Nanga mtima wopukwawu tiutani? Tiuphe? Iai. M'buku la Masalimo muli nyimbo 150, ndipo zambiri ndi zodandaula. Woimba wa Salimo 42 amadzifanizira ndi nyama ya m'thengo yogwidwa ludzu. Wa Salimo 13 amafunsa Mulungu kanayi konse za kutalika kwa kudikira kwake. Mau awo ndi owawa ngati a pamtondo. Kusiyana kwake kuli pa womvera.

Kumbukirani Hana, mkazi wa Elikana, amene mkazi mnzake Penina ankamunyoza chifukwa chosabala. Mwamuna wake ankamukonda kwambiri, koma chikondi chimenecho sichinathe kudzaza mpata umene unali mumtima mwake. Anapita ku nyumba ya Yehova ku Silo nakhuthula zonse pamenepo. Anabwerako nkhope itamasuka, nayamba kudya, pamene za mwana zinali zisanaoneke n'komwe (1 Samueli 1).

Munthu amayamika lero, mawa waiwala, pakuti nayenso amatopa, nayenso alikudikira wina woti amuyamike. Amuna athu ndi anthu. Tikawasenzetsa ntchito yokhala mulungu wathu, katunduyo awathyola msana, ndipo ife tikhumudwa. Mwambi uja woti ukaipa dziwa nyimbo uli ndi nzeru yake, pakuti umatilimbikitsa kukhala ndi luso loti anthu atilandire nalo. Koma kwa Mulungu sitilowera pa khomo la luso. Paulo atiuza pa Aroma 5 kuti Khristu anatifera tisanachite chabwino chilichonse. Mtengo wathu unatchulidwa kale pamtanda, tisanakwere pasikelo ya munthu aliyense. Ndipo mneneri Zefaniya pa mutu 3 anena chinthu chodabwitsa, chakuti Mulungu mwini amakondwera ndi anthu ake mpaka kuwaimbira. Ife amene taimbira ena moyo wathu wonse, kuli Wina amene amatiimbira.

Mkazi wodziwa zimenezi saleka kukonda mwamuna wake. Amamukonda bwino koposa, chifukwa mantha achoka. Amalemekezabe apongozi, amaphikabe ndi mtima wonse, mwamuna akakhala kutali amamupukwabe. Akayamikidwa amakondwa. Akapanda kuyamikidwa zimamuwawa ndithu, pakuti ndi munthu, koma sagwa.

ZOTI TICHITE

Kuti mau awa asathere pano, ndipempha zinthu zisanu.

1. Timvetsere nyimbo za m'nyumba mwathu. Mwana wanu akamaimba nyimbo ya m'foni, musathamangire kumulanda foniyo. Khalani naye pamkeka, mumufunse kuti nyimboyo ikuti chiyani, ndipo ngati iye akuvomereza kuti munthu afe chifukwa chosiyidwa. Mudzadabwa ndi zimene adzakuuzeni.

2. Timvetsere nyimbo ya mnzathu. Mitondo inachepa, ndipo kuchigayo phokoso silola munthu kuimba, kotero mayi wa lero akusowa potulira. Mukamva mnansi akubwereza nyimbo imodzi yachisoni pochapa kapena pamjigo, musangoti ali ndi mau abwino. Pitani awiri mukamuchezere. Ngati pali nkhanza tidziwitse ankhoswe, akulu a mpingo ndi Abusa, ndipo moyo ukakhala pangozi timuperekeze ku chipatala ndi ku polisi.

3. Alangizi tionjezere nyimbo. Pakati pathu pali amayi amene Mulungu anawapatsa mphatso yopeka. Nkhani ya Leya ilipo, ya Hana ilipo, ya Rute ilipo. Pofika chikondwerero cha chaka chamawa tikhale ndi nyimbo zatsopano zoimbira mkwatibwi, ndi zina zoimbira mkwati yemwe.

4. Tisaumire mau oyamika. Ife amene tinalira chifukwa cha apongozi, lero ndife apongozi. Mkazi wa mwana wanu akaphika, nenani kuti zakoma. Mtsikana amene amamva kwa mayi ake ndi bambo ake kuti ndi wanzeru ndi wokongola sathamangira mnyamata woyamba kumuuza zimenezo panjira. Abambo, mau oti zikomo sachotsa tambala m'thumba mwanu.

5. Tikumbukire amayi amasiye, amene banja linatha, amene sanakwatiwe, ndi amene sanaone mwana. Nyimbo zina zimene timaimba mokondwa pa zikwati zimawalasa iwo mwakachetechete. M'Chigwirizano muno asakhale kumbuyo. Tiwapatse maudindo, tiwapatse nyimbo atsogolere, kuti mudzi uone kuti pano munthu sayezedwa ndi mphete kapena ndi chiwerengero cha ana.

Amayi anzanga, amayi athu amene anayamba bungwe lino ankayenda mitunda pansi, mwana ali kumbuyo, buku la Nyimbo za Mulungu lili m'manja. Ambiri a iwo anali akazi a matchona, ena a pamitala, ena onyozedwa pakhomo. Misozi anali nayo, koma anapeza womuimbira amene satchona. Anatisiyira nyimbo imeneyo, ndipo ana athu akuidikira kwa ife.

Mulungu adalitse mau ake m'mitima mwathu, adalitse mabanja athu, adalitse Chigwirizano chathu. Ndipempha Amayi a Pampando atisankhire nyimbo, tiimirire tonse, ndipo ulendo uno tiimbe tikumva mau ake.